Phulusa pa Mutu wa Tamara

Tsiku la 25 November. Powerenga: 2 Samueli 13.

Mwa masiku olembedwa m'kalendala liripo limodzi lopanda nyimbo ndi phwando, ndilo la 25 November. Pa tsiku limenelo m'caka ca 1960, ku dziko la Dominican Republic, akazi atatu a mimba imodzi, a banja la Mirabal, anaphedwa panjira ndi anthu a wolamulira wankhanza dzina lace Rafael Trujillo. Ndipo m'caka ca 1999 bungwe la United Nations linapatula tsikulo kuti mitundu yonse izikumbukira nkhanza zocitira akazi. Kapena wina adzati izi nza boma ndi mabungwe a kutali, si za Mpingo. Wotereyo atsegule Buku Lopatulika, pakuti mlandu umenewu unalembedwamo kalekale, ndipo unacitikira m'nyumba ya mfumu yodziwa Mulungu.

Davide anali ndi mwana wamkazi, namwali, dzina lace Tamara, mlongo wace wa Abisalomu. Amnoni, mwana woyamba wa Davide mwa mkazi wina, anamkhumbira kufikira anaonda. Ndipo bwenzi lace Yonadabu, munthu wocenjera, anampangira njira. Amnoni anagona ngati wodwala, napempha atate wace kuti Tamara adze kudzamkonzera cakudya. Davide sanakaike kanthu, namtuma. Mtsikanayo anamuka monga amukira mwana ali yense womvera pamene atumidwa ku nyumba ya matenda. Anakanda ufa, naphika, napereka. Pamenepo Amnoni anaturutsa anthu onse, namgwira. Tamara anakana ndi mau omveka bwino. Anamkumbutsa mwambo wa Israyeli, nachula manyazi amene adzamgwera iye ndi dzina loipa limene lidzagwera Amnoni. Koma mphamvu inali ndi mwamunayo, namgwirira. Atatha, cikhumbo cace cinasanduka udani, nalamula mnyamata wace amkankhire kunja ndi kupiringidza citseko. Mwana wa mfumuyo anatapa phulusa nadziwaza kumutu, nang'amba cobvala cace ca unamwali, nayenda pamseu alikulira mokweza.

Wowerenga azindikire malo ace. Sikunali kuthengo, sanali Mfilisti kapena wacifwamba wobisala pa dambo. Kunali m'cipinda ca mbale wace, kumene anatumidwa ndi atate wace pa nchito ya cifundo. Ndipo anthu owerengera zinthu za masiku ano apeza comweco. M'caka ca 2021 bungwe loyang'anira za umoyo m'maiko onse, lochedwa WHO, linalengeza kuti akazi okwanira mamiliyoni 736, ndiye mkazi mmodzi mwa atatu, anamenyedwapo kapena kukakamizidwa cigololo pa moyo wao. Ciwerengero cimeneco ciposa anthu onse a m'Zambia muno kubwereza ka 30. Mwa iwo, mamiliyoni 641 anacitidwa zimenezi ndi mwamuna wao kapena bwenzi lao. M'caka ca 2023 akazi ndi atsikana 85,000 anaphedwa dala pa dziko lonse. Ndipo 51,100 a iwo anafa m'manja mwa mwamuna wao kapena wacibale, ndiwo maliro 140 tsiku liri lonse. Za ana ndizo zoopsa koposa: bungwe la UNICEF linanena m'caka ca 2024 kuti akazi ndi atsikana oposa mamiliyoni 370 amene ali ndi moyo anagwiriridwa kapena kuipitsidwa asanakwane zaka 18, ndi amuna ndi anyamata osacepera mamiliyoni 240 momwemo. Palibe dziko loyera pa mlandu uwu, lolemera kapena losauka, la Akristu kapena la cipembedzo cina. Kuno ku Zambia, kafukufuku wa boma wa caka ca 2018 anapeza kuti mwa akazi 100 ali onse okwatiwapo, 47 anamva nkhanza ya mwamuna wao, ya dzanja, ya pamphasa kapena ya mau ozunza mtima.

Chimo la Amnoni silisowa mlaliki wolimasulira. Ali yense aliona. Koma m'mutu umenewu muli amuna ena awiri amene sanakhudze Tamara ndi dzanja, koma anamsiya m'cisoni cace, ndipo iwo ndiwo ofanana ndi anthu ambiri okhala pa mabenchi a m'chalichi.

Woyamba ndiye Abisalomu. Iye anakonda mlongo wace. Anamlandira m'nyumba mwace, ndipo pambuyo pace anacha mwana wace wamkazi dzina lomweli la Tamara. Koma uphungu umene anampatsa pa tsiku la tsokalo unali wakuti akhale cete, popeza wolakwayo ndi mbale wace, ndi kuti asaike nkhaniyo pamtima. Uphungu umenewo sunafe pamodzi ndi Abisalomu. Umveka pakamwa pa azakhali pamene mtsikana aulula zimene amalume ace amcitira usiku. Umveka kwa ankhoswe pamene mkazi afika ndi diso lotupa, namuuza kuti banja ndi kupirira, nambweza dzuwa lisanalowe. Umveka kwa alangizi ophunzitsa namwali kuti za m'nyumba sizituruka pakhomo. Onsewa saganiza kuti acita coipa. Aopa manyazi a pfuko, aopa kuti wodyetsa banja akamangidwa ana adzagona ndi njala, ndipo mantha acithandizowa si opanda pace. Koma katundu yense amsenzetsa wolakwiridwayo. Wolakwa adya nsima yace mwamtendere, napereka mbuzi kapena ndarama pang'ono kuseri kwa nkhokwe, ndipo mwana amene anaonongedwa ndiye alamulidwa kusunga dzina la banja. Cifukwa cace m'maiko ambiri, mwa akazi 100 ocitidwa nkhanza, ofuna cithandizo safika 40. Ndipo kafukufuku uja wa 2018 anapeza kuti m'Zambia oposa theka sanafune cithandizo, sanauzenso munthu ali yense. Za Tamara Malembo anena mwacidule kuti anakhala wosiyidwa m'nyumba ya mlongo wace, ndipo mau ace samvekanso m'buku lonselo.

Waciwiri ndiye Davide. Iye anamva zonse, napsa mtima ndithu. Koma palibe cina colembedwa. Anali atate, analinso woweruza wamkuru wa dziko lonse, ndipo cilamulo ca Mose cinali m'manja mwace. Koma sanaitane Amnoni pabwalo, sanapite kukaona mwana wace wamkazi. Malembo ena akale a Cigriki aonjeza cifukwa, kuti sanafune kusautsa Amnoni popeza anamkonda, ndiye woyamba kubadwa. Kapenanso anakumbukira Bateseba, nasowa nkhope yodzudzulira mwana pa chimo lofanana ndi lace. Mkwiyo wa mtsogoleri wosacita kanthu uli ngati mabingu a mwezi wa October amene sagwetsa mbvula.

Pano Mpingo usafulumire kuloza cala kunja, pakuti nyumba ya Mulungu yacitapo monga Davide. Ku England kunali munthu wodziwa malamulo, dzina lace John Smyth, wotsogolera misasa ya Cikristu ya anyamata. Iye anakwapula anyamata kufikira mwazi, nati acita izi cifukwa ca macimo ao. M'caka ca 1982 abusa ena anadziwa, nalemba zonse pa pepala, koma sanauze apolisi, poopa kuononga dzina la nchito ya Mulungu. M'caka ca 1984 munthuyo anasamukira ku Zimbabwe, dziko loyandikana nalo lino, nayambanso misasa, nazunza ana a kumeneko. Pambuyo pace anakhala ku South Africa, namwalira m'caka ca 2018 wosalangidwa ndi bwalo liri lonse. Ozunzidwa anaposa 100. Pamene mbiri yonse inaululidwa mu November 2024, Justin Welby, Mkuru wa Mabishopu wa ku Canterbury, anatula udindo wace, cifukwa anauzidwa za mlanduwo m'caka ca 2013 koma sanaonetsetse kuti utsatidwe. Anthu aja a 1982 anayesa kuti alikuchinjiriza Uthenga Wabwino. Koma amene analipira kukhala cete kwao ndiwo ana a ku Zimbabwe. Nkhani iyi silembedwa kuti mpingo wina unyozedwe. Ilembedwa kuti bwalo la akuru a mpingo uli wonse, pamene wonenezedwa ali mlaliki, mphunzitsi, kapena wopereka copereka cacikuru, lidzifunse ngati silirikusunga Amnoni.

Ndipo kodi kukhala cete kunasunga nyumba ya Davide? Iai. Zaka ziwiri zathunthu Abisalomu sanalankhule ndi Amnoni, udani ulikukula m'kati monga mafinya m'cironda cotsekedwa. Ndipo pa phwando lometa nkhosa ku Baala-hazori analamula anyamata ace amuphe. Anathawira ku Gesuri zaka zitatu. Atabwera anaba mitima ya anthu, naukira atate wace, ndipo mfumu inathawa m'Yerusalemu wopanda nsapato. Mlandu umene unakanidwa pabwalo unatha ndi lupanga. Ndipo pa mwazi wonsewo Tamara sanapindule kanthu.

Alipo amuna amene adziwa vesi limodzi lokha m'kalata wa kwa Aefeso, ndilo lonena za kumvera kwa mkazi, naligwira ngati mkwapulo. Awerenge mutu 5 wonse. Pomwepo mwamuna alamulidwa kukonda mkazi wace monga Kristu anakonda Mpingo kufikira imfa, ndi kumsamala monga thupi la iye yekha. Munthu wa nzeru zabwino sathyola mkono wace cifukwa ndiwo zacepa mcere. Cimalo kapena lobola sizigula thupi la munthu, ndipo mkazi wokakamizidwa pamphasa ndi mwamuna wace wacimwiridwa ngakhale ukwati unadalitsidwa pa guwa. Za ana, Ambuye Yesu pa Mateyu 18 anachula mphero yomangidwa m'khosi ndi nyanja yakuya. Sanalankhule mau oopsa otere ngakhale kwa amisonkho ndi acigololo. Alipo enanso amene athamangira ku cikhululukiro, nakakamiza mwana agwire canza ca womuononga pamaso pa akuru, nati mlandu watha. Mulungu akhululukira wolapa, inde, ngakhale Amnoni akadalapa; koma kulapa koona sikuthawa cilango, ndipo Paulo pa Aroma 13 aphunzitsa kuti woweruza wa dziko ndiye mtumiki wa Mulungu pa nchito yomweyi. Mpingo ukhoza kupempherera munthu ndi kumcezera m'ndende.

Mwa onse a m'mutu uwu, amene anacita coyenera ndi Tamara yekha. Sanabise phulusa, anayenda nalo poyera kuti mudzi wonse udziwe. M'masiku ano cinthu cofanana cinaoneka ku France. Mkazi wina, Gisèle Pelicot, anauzidwa ndi apolisi m'caka ca 2020 kuti mwamuna wace, amene anakhala naye pafupi zaka 50, anali kumgoneka ndi mankhwala kwa zaka pafupi 10, naitana amuna ena kudzamgwirira ali cikomokere. Lamulo linamlola kuti mlandu umveke m'tseri. Iye anakana, nafuna zitseko zitseguke, popeza manyazi ayenera kukhala pa ocita coipa, si pa iye. Mu December 2024 bwalo la ku Avignon linatsutsa amuna 51, ndipo mwamuna wace analandira zaka 20. Ambiri a iwo anali anthu wamba a nchito zao, ena okhala ndi akazi ndi ana. Koma munthu asanene kuti mkazi ali yense acite monga iyeyu, pakuti mwana wa zaka 9 woopsezedwa ndi atate omupeza alibe mphamvu yotere. Nchito yaikuru iri pa wakumva. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo mai wa cigwirizano amene aona mtsikana wasiya kuseka, alikuopa kupita ku nyumba yakuti, ali ndi mlandu akangopitirira.

Cotero, pamene mwana kapena mkazi afika kwa mbusa, mkuru wa mpingo kapena nyakwawa ndi nkhani yotere, ayambe amkhulupirira, asamfunse cimene anabvala kapena cifukwa cace anapita kumeneko. Wogwiriridwa apite naye ku cipatala msanga, asanasambe ngati nkotheka, ndi zobvala zosacapa. Pakuti mankhwala ochinjiriza ku kacirombo ka HIV agwira nchito akayambidwa asanapite maora 72. Pa polisi pali cigawo cochedwa Victim Support Unit, ndipo pa lamya nambala 116 ndi ya ana, 933 ndi ya nkhanza za m'banja, zonse zosalipira. Dziko lino liri ndi lamulo loletsa nkhanza zotere la caka ca 2011. Lamulo la 2005 linaika zaka zosacepera 15 m'ndende kwa wogona ndi mwana wosafika zaka 16. Ndipo kuyambira 2023 ukwati wa munthu wosafika zaka 18 suwerengedwa, ngakhale wa mwambo. Mlandu wa mwana suweruzidwa ndi ankhoswe, sulipidwa ndi ng'ombe. Mkazi womenyedwa asabwezedwe usiku womwewo kwa wommenya; apatsidwe mphasa m'nyumba ya Mkristu mnzace pamodzi ndi ana ace. Ndipo ngati womangidwayo ndiye anali kulima munda, mpingo uike tsiku, amuna ndi akazi apite ndi makasu ao, kuti banjalo likolole caka cimeneco.