Tikuvina Misozi ya Eni Ake

Kalanga ine, makutu athu anapita kuti? Loweruka lapitali ndinali pa ukwati wina ku Ndirande. Nthawi ya perekaniperekani, woimbitsa anaika nyimbo ya mayi wodandaula kuti mwamuna wake akugona m'nyumba momwemo koma mtima unasamuka kalekale. Anthu anadzambatuka, ndalama zikuuluka, nthungululu zili pakamwa, akwati nawo akudula chiuno. Kumapeto kwa tenti, pampando wapulasitiki, agogo ena ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Iwo okha ndiwo anamva mawu.

Makolo athu sankamvera nyimbo m'miyendo. Amuna atatengedwa ndi Wenela kupita kumigodi ya ku Joni, ena atapita kuminda ya fodya ku Rhodesia, akazi ankatulira nkhawa zawo pamtondo. Munsi ukugunda, mawu ankatuluka mophiphiritsa. Mayi akatchula mphasa yozizira, apongozi ankadziwa kuti mwana wawo watchona, makalata aleka kubwera. Ankhoswe ankaimva nkhani isanafike pabwalo. Ndipo kulirako sikunali kwamasewera: mu 1974 ndege yobweretsa anthu athu kuchokera kumigodi inagwa ku Francistown, mpaka Kamuzu analetsa Wenela. Wodikira ankadziwa kuti mwina akudikira wosabweranso.

Lero mtunda unafupika. Wa ku Cape Town timamuona nkhope pa WhatsApp usiku uliwonse. Koma suzumirani m'nyumba zathu: nsima ikupola m'mbale, bambo maso ali pafoni, mayi maso ali pa yawo, mawu otuluka ndi ofunsa kumene kuli chaja basi. Matchona a masiku ano sakwera ndege kapena basi. Amatchona ali pamkeka womwewo.

Oimba sanaleke kutichenjeza, ndife tinagontha. Nyimbo ikatuluka timangofunsa ngati ikuvinika. Mkazi akaika nyimbo yachisoni pa sitetasi, mwamuna amadina kamtima n'kupitirira, osazindikira kuti mlandu ukuzengedwawo ndi wake. Anzake a mkaziyo nawo amangoyamikira mawu a woimba, palibe wopita kukamufunsa kuti wadzuka bwanji. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ndani akudekha, chala chikuthamangira nyimbo yotsatira?

Ndikuwadera nkhawa akwati a ku Ndirande aja. Tsiku lina nyimbo ija idzalira m'nyumba mwawo, popanda tenti, popanda nthungululu, wina akuiimba chapansipansi uku akutsuka mbale. Kaya mnzakeyo adzaika foni pansi.