Kukana Zilakolako Sikuthawa Dziko

Akhristu ena amaganiza kuti munthu amayera mtima akatalikirana ndi msika, ndale ndi ndalama. Koma Malemba saloza kumeneko. Pa Luka 3, okhometsa msonkho ndi asilikali atafunsa Yohane Mbatizi choti achite, iye sanawauze kuti asiye ntchito. Anawaletsa kulipiritsa mopitirira muyeso, kulanda za anthu ndi kunamizira osalakwa, ndipo asilikaliwo anawalangiza kukhutira ndi malipiro awo. Choipa chinali dyera, osati ntchitoyo. N'chimodzimodzi Danieli: anatumikira mafumu ku Babulo zaka zambiri, koma anakana chakudya cha mfumu, ndipo lamulo la mfumu Dariyo silinamuletse kupemphera.

Wina anganene kuti woyenda m'matope sangapewe kuda miyendo, n'chifukwa chake Antonio, Mkhristu wakale wa ku Iguputo, anasankha kukakhala kuchipululu. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, pakuti ziphuphu zimakola ngakhale anthu opemphera. Komabe chigololo, umbombo ndi kunyada zimatuluka mumtima, monga Yesu anaphunzitsira pa Marko 7, ndipo Antonio anakalimbana ndi mayesero kuchipululu komweko. Ndiponso okhulupirika onse atachoka m'maofesi ndi m'makhoti, mayi wamasiye wolandidwa munda angamuweruzire mwachilungamo ndani?