Makina Angayankhe, Koma Sangakhululukire Machimo

Mu Epulo 2024, bungwe la Akatolika ku America lotchedwa Catholic Answers linaika pa intaneti "wansembe" wopangidwa ndi kompyuta, dzina lake Father Justin. Ankaoneka atavala kolala ndipo ankayankha mafunso okhudza chikhulupiriro. Posakhalitsa anayamba kudzitcha wansembe weniweni, mpaka kunena mawu okhululukira machimo. Patangopita masiku ochepa, eni ake anamuchotsera udindowo.

Nkhaniyi ikusonyeza malire a luso la makompyuta lotchedwa AI. Mapulogalamu ngati ChatGPT amaphunzitsidwa ndi zolembedwa zochuluka zedi, kenako amalumikiza mawu potsata mmene anthu amalankhulira. N'chifukwa chake amatha kunena zoona kapena zabodza molimba mtima chimodzimodzi. Alibe chikumbumtima, sanabatizidwe, ndipo sadzayankha mlandu pamaso pa Mulungu.

Eklezia sikukana lusoli. Mu Januwale 2025, Vatican inatulutsa chikalata chotchedwa Antiqua et Nova, chophunzitsa kuti AI ndi chipatso cha nzeru za munthu, ndipo udindo pa zimene imachita umakhalabe pa munthuyo. Papa Leo XIV anafotokozanso kuti anasankha dzinali pokumbukira Papa Leo XIII, amene mu 1891 anateteza anthu apantchito pamene makina ankasintha moyo m'mafakitale. Lero AI ikubweretsa funso lomwelo la ulemu wa munthu.

Tsono Mkhristu achite chiyani? Wophunzira angagwiritse ntchito AI kuti amvetse phunziro lovuta, koma kupereka kwa aphunzitsi zimene makina amulembera ngati zake ndi chinyengo. Mtsogoleri wa mphakati angaifunse tanthauzo la mawu a m'Baibulo, koma ayerekeze yankholo ndi Katekisimu kapena afunse abambo mfumu. Wolandira kanema pa WhatsApp ayambe waganiza asanatumize kwa ena. Mu 2023 chithunzi chabodza cha Papa Francis atavala jekete yaikulu yoyera chinapusitsa anthu ambiri, ndipo lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama, limagwiranso ntchito pa foni.

Koposa zonse, pali zinthu zimene sizitumidwa kwa makina. Wolemedwa ndi tchimo amafunika Sakramenti la Kulapa, pamaso pa wansembe wodzozedwa. Wodwala amafunika womuyendera, namfedwa amafunika womukhalira pambali usiku wonse. Mwana wa Mulungu sanatumize uthenga ali patali. Anadzakhala munthu, nakhudza akhate ndi manja ake. Akhristu akaweruka ku Misa, amatumidwa kukachita chimodzimodzi.