Kodi m'matauni mwathu munali mtendere kale kuposa lero?

Nkhani ya umbava ikangoyambika, kaya ndi pa bawo, m'minibasi kapena pa siwa, sipalephera kupezeka mkulu wina wonena kuti nthawi ya Kamuzu anthu ankagona osakhoma chitseko, ndipo munthu ankayenda usiku kuchokera ku Ndirande mpaka ku Chilomoni popanda womufunsa. Mawuwa sindiwatenga mwachibwana, pakuti owanenawo anakhalamo m'masikuwo. Komabe ndili ndi funso: tikamati dera ndi lotetezeka, timatanthauza kuti ndi lotetezeka kwa yani, ndipo tatetezeka ku chiyani?

Tiyambe ndi kukumbutsana. Pakati pa 1968 ndi 1970, ku Chilobwe ndi madera ena a mu Blantyre anthu ambiri anaphedwa usiku m'nyumba zawo. Mantha anagwira tauni yonse, mphekesera zinali mbwee, ndipo khothi lalikulu litamasula ena mwa oganiziridwa, boma linapatsa makhothi a mafumu mphamvu yoweruza milandu ya kupha. Pamapeto pake Walla Kawisa ndiye anapezeka wolakwa. Zimenezi zinachitika m'nthawi yomweyo imene ena amati kunalibe chigawenga.

Kugogoda kwa usiku kunali kwa mitundu iwiri. Kwina kunali kwa mbala, kwina kwa anthu a boma. Mbala ukhoza kuikuwira anzako n'kutuluka ndi zibonga, koma akabwera apolisi achinsinsi kapena apayoniya, oyandikana nawo ankazimitsa nyali n'kukhala ngati sakumva. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, anaotcheredwa nyumba mu 1972 chifukwa chokana kugula khadi la chipani, ndipo ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Jack Mapanje anatengedwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Kwa mabanja otere, kodi m'tauni munali mtendere? Bata linalipo ndithu, koma mwa zina linali bata la anthu oopa kuyankhula. Wayilesi inali imodzi, ya MBC, ndipo nyuzipepala zinkalemba zokomera boma. Zambiri zoipa zinkathera pomwe zachitikira.

Ndikatero sindikukana kuti zinthu zinasokonekera titalowa m'ndale za zipani zambiri. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti za AK-47 zinayamba kulowa m'dziko muno. Mu Disembala 1993 asilikali anathyola gulu la apayoniya pa Operation Bwezani. Mantha akale anachoka, koma apolisi anali asanaphunzire kugwira ntchito ndi anthu omasuka, ndipo anthu nawo sankawakhulupirira. M'zaka zotsatira chisankho cha 1994 mbava za mfuti ndi zikwanje zinasowetsa anthu tulo. Apa mpamene ena anayamba kunena kuti demokalase yabweretsa umbava.

Tisaiwalenso kuti mizinda yakeyo si yomwe ija. Pa kalembera wa 1966 mu Lilongwe munali anthu osakwana 20,000. Pa kalembera wa 2018 anali pafupifupi miliyoni imodzi. Blantyre anachoka pa anthu pafupifupi 110,000 kufika pa 800,000. Kale mlendo akalowa m'dera aliyense ankadziwa kuti wafikira kwa yani. Lero ku Chinsapo, ku Mbayani kapena ku Bangwe alendi amasintha mwezi ndi mwezi, ndipo achinyamata osowa ntchito ndi ochuluka kwambiri. Kuwonjezera apo, munthu akabayidwa ku Kawale usiku, pofika m'mawa chithunzi chake chazungulira pa WhatsApp mpaka ku Johannesburg. Tsono mantha amakula msanga kuposa umbava weniweniwo.

Chimene chimandivutitsa maganizo kwambiri ndi momwe tayankhira manthawo. Amene ali ndi ndalama amanga mipanda ya njerwa, pamwamba aika mabotolo oswa kapena waya wamagetsi, m'mazenera zitsulo, pageti mlonda ndi galu. Koma mpanda suthetsa wakuba, umangomulozera nyumba ina yopanda mpanda. Mlonda wochokera ku Ndirande amakachezera usiku wonse ku Nyambadwe kulondera katundu wa bwana, mkazi wake ndi ana atawasiya m'nyumba ya chitseko cha malata. Mayi wopita kukapikula tomato m'bandakucha amayenda wapansi mumdima ndi mpamba wake wonse m'chitenje. Chitetezo chasanduka katundu wogula, ndipo wosauka ndiye amalipira ndi thupi lake.

Amene alibe mpanda apeza njira yawo, yomwe ndi tayala ndi petulo. Wina akangokuwa kuti wakuba, gulu limaweruza pomwepo. Timati apolisi amachedwa, ndipo akagwira mbala mawa lomwe timaiona ikuyenda pa belo. Dandauloli lili ndi choonadi chake. Koma tinaona mu 2017 pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu kuyambira ku Mulanje mpaka mu Blantyre muno, ena chifukwa chongokhala achilendo m'deralo. Dera limene mlendo angaphedwe chifukwa chosochera njira silingatchedwe lotetezeka, ngakhale mbava zitathamo zonse. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: tsiku lina wosocherayo adzakhala mwana wanu wobwera mochedwa kuchokera kuntchito.

Zilipo zimene zakonzeka. Mu Januwale 2017 khothi lalikulu linagamula kuti ndime ya lamulo la vakabu imene apolisi ankagwirira anthu ongopezeka panjira ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, pa mlandu wa bambo wina wogulitsa majumbo amene anamangidwa akupita kumsika m'bandakucha. M'madera ambiri muli magulu a chitetezo cha m'mudzi ogwira ntchito limodzi ndi apolisi. Koma sitinganene kuti boma laleka kuopsa, poti pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 anthu pafupifupi 20 anafa.

Tsono yankho langa ndi ili. Ku mbali ya kugogoda kwa boma, lero tili pabwino kuposa makolo athu, ndipo sindingalole kusinthanitsa ufuluwu ndi tulo ta masiku aja. Ku mbali ya mbava, zikutengera kumene mumagona ndi zimene zili m'thumba mwanu, ndipo apa mpamene tiyenera kuchita manyazi. Ine dera ndimaliyesa ndi mafunso awiri. Mayi akakuwa pakati pa usiku, kodi oyandikana naye amatuluka? Nanga akamugwira woganiziridwayo, kodi amafika kupolisi ali moyo? Amene amayamikira zakale amakumbukira funso loyamba lokha. Ife a lero tiyenera kuyankha onse awiri, ndipo m'madera ambiri a mu Blantyre ndi Lilongwe yankho la lachiwirili likadali lochititsa manyazi.