Pangano la Mchere

Munthu woyenda pa msewu wa ku Mchinji, akafika pa Chitedze, pamene boma lidakhazikitsa malo ofufuzira zaulimi m'chaka cha 1948, amaona minda ya mtedza ndi chimanga itayalana bwino, koma saona chimene akatswiri oyeza nthaka amachifunafuna kumeneko, ndicho timichere tobisika timene mizu imayamwa. Ndipo ine, posinkhasinkha za timichere timeneti, ndapezamo yankho la funso limene lasautsa mitima ya ana a anthu chiyambire kale: kodi wamkulu ndani, wopatsa kapena wolandira?

Taonani mchere umene amayi amathira m'ndiwo. Makolo ake ndi awiri, ndipo onse ndi oopsa: sodium, chitsulo chofewa chimene chimalusa chikakhudza madzi, ndi chlorine, mpweya waululu umene udapha asilikali ku Ypres m'chaka cha 1915. Atomu ya sodium ili ndi maelekitironi 11, ndipo limodzi lakunja limailemera ngati katundu. Ya chlorine ili ndi 17, ndipo ikusowa limodzi lokha kuti ikhazikike. Pamene wina apereka chomulemera, mnzake nalandira chomusowa, mphamvu zawo za magetsi zimasiyana, kusiyanako nkumene kumawakokera pamodzi, kotero kuti adani awiri a moyo amasanduka chokometsera chakudya, cholimba kosasungunuka pamoto kufikira madigiri 801.

Ngakhale dzina la mcherewu lili ndi mwambo. Ophunzira amatchula wopatsa poyamba, dzina lake losasinthika, ndipo wolandira amadza pambuyo atavala dzina latsopano, monga namwali wotuluka m'tsimba kapena mwana wobatizidwa, chlorine nakhala chloride; chomwechonso mpweya wa oxygen, ukalandira kwa calcium, umatchedwa oxide. Wina anganene kuti ulemu wagwera wopatsa, popeza ndiye atsogola. Koma ndifunse, sodium akadapanda kupeza womulandira, akadatula kuti mtolo wake, ndipo ukali wake ukadazizira bwanji? Akuluakulu adanena kuti kupatsa nkuika, ndipo pano tikuona kuti wolandira nayenso wapatsa, pakuti wapatsa mnzake mtendere.

Chinanso chodabwitsa ndi ichi, chakuti m'kambulu ka mchere mulibe awiriawiri odzipatula, koma sodium aliyense wazingidwa ndi anansi 6 a mtundu winawo, chloride aliyensenso chimodzimodzi, monga mudzi umene mphatso yoperekedwa pakhomo limodzi imamanga mabanja onse. Kapena nchifukwa chake makolo athu Achewa sadauyese mchere chinthu wamba, koma adauzinga ndi miyambo ya mdulo yosunga kukhulupirika m'banja, ndipo buku la Numeri limatcha pangano losatha dzina la mchere womwewu.

Tsono inu a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, amene chaka china nkhokwe zanu zimasefukira ndipo chaka china mumanyamula lichero kukasuma kwa abale, musadzikuze pamene mupatsa, musachitenso manyazi pamene mulandira, pakuti Namalenga, amene adaika lamulo ili m'kanthu kochepetsetsa, sadalenge mmodzi wa ife wokwanira payekha. Patsani mokondwera, landirani moyamika, kuti mudzi wanu ukhale wokoma ndi wolimba ngati mchere.