Nanga amene wabwera yekha?

M'zipatala zambiri za boma kuno ku Zambia, wodwala akauzidwa kuti agonekedwa, funso lotsatira limakhala lakuti, "Mwabwera ndi ndani?" Namwino amafuna kudziwa munthu amene adzagona pa mpando kapena pansi pambali pa bedi, amene adzasambitsa wodwalayo, kumudyetsa, kupita naye kuchimbudzi ndi kuthamangira kukagula mankhwala kunja kwa mpanda akasowa m'kati. Ife timamutcha bedsider, anzathu a ku Malawi amati gadiyani. Nthawi zambiri amakhala munthu wamkazi, kaya mwana wa wodwalayo, mpongozi kapena mlongo wake. Dzina lake mulibe m'kaundula wa antchito a Unduna wa Zaumoyo ndipo salandira ngwee iliyonse, koma onse atanyamula zitenje ndi mabeseni awo tsiku limodzi, mawadi ambiri sangayende.

Ngati moyo wa wodwala umadalira chotere munthu wa pambali pa bedi, nanga amene wabwera yekha ndi wa yani? Ndikufunsa makamaka za okalamba, poti ndiwo amadwala kawirikawiri ndiponso ndiwo amene achibale awo ambiri anapita kale kumanda.

Ntchito ya bedsider timaiona ngati chisamaliro cha chifundo chabe, chonsecho mbali yaikulu ndi yoteteza wodwala ku ngozi za m'chipatala momwemo. Wokalamba amene satha kudzitembenuza yekha amayamba zilonda m'chiuno ndi kuzidendene chifukwa magazi safika pakhungu lopanikizika, ndipo n'chifukwa chake anamwino amaphunzitsidwa kutembenuza wodwala wotere pafupifupi maola awiri alionse. Akamwetsedwa phala ali chigonere chagada, amatsamwa, phalalo n'kulowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Wodwala shuga akabayidwa insulin koma osadya, shuga amatsika mpaka munthu kukomoka, ndipo woona patali amangoti ambuya agona. Wokalamba sachedwa kuuma m'thupi popeza ludzu salimva msanga, ndipo madzi akachepa mutu umasokonezeka. Usiku amadzuka yekha kufuna chimbudzi, n'kugwa, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Zonsezi zimapewedwa ndi maso a munthu amene ali pafupi n'kumayang'ana.

Vutoli si la kwathu kokha. Bungwe la World Health Organization limati pafupifupi wodwala mmodzi mwa 10 alionse amavulazidwa polandira chithandizo, ndipo kuyambira mu 2019 linapatula 17 September kukhala tsiku lokumbukira chitetezo cha odwala. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu The Lancet mu 2018 anayerekeza kuti m'mayiko osauka ndi apakati anthu 5 miliyoni amafa pachaka chifukwa cha chithandizo chosakwanira chimene analandira, pamene 3.6 miliyoni amafa chifukwa sanafike n'komwe kuchipatala. Kwa zaka zambiri takhala tikulimbikitsana kuti tizipita kuchipatala msanga, ndipo boma linachotsa malipiro m'zipatala za kumidzi mu 2006 kuti ndalama isatsekereze munthu. Zinathandiza. Koma kulowa pakhomo la chipatala ndi theka chabe la ulendo.

Boma la Chongwe limaonetsa bwino mmene funsoli likukulira. Tauni yake ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka, mumsewu wa Great East, ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'bomali. Chakumadzulo, ku Silverest, nyumba za malata onyezimira zikumera ngati bowa. Ku Katoba, ku Lwiimba kapena ku Kanakantapa moyo udakali wa khasu ndi ng'ombe. Achinyamata ambiri a m'midziyi ali ku Lusaka, kuyang'anira mageti a anthu, kugulitsa mumsika kapena kugwira ntchito za m'nyumba kumene kujomba masiku atatu ndiko kuchotsedwa. Wokalamba akadwala kwambiri amachoka ku kiliniki ya kwawo kupita ku chipatala cha boma ku Chongwe, ndipo matenda akakula amatumizidwa ku Levy Mwanawasa kapena ku UTH. Pa sitepe iliyonse womudikirira amafunika ndalama ya basi, chakudya chake ndi munthu wina womusungira ana kunyumba. Matendawo akagwa nthawi imene Amfumu Aakulu Nkomeshya Mukamambo II atsegulira nyengo ya dzinja pa mwambo wa Chakwela Makumbi, banja limasankha pakati pa bedi la ambuya ndi munda umene udzadyetse onse chaka chamawa.

Tisaiwalenso kuti okalamba a lero ndi aja anaika m'manda ana awo m'zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa m'ma 2000, Edzi isanapezeredwe mankhwala aulere. Ana amene akanakhala pambali pa bedi lero, makolowa anawadikirira okha mpaka kuwatseka maso. Nyumba zosungira okalamba m'dziko muno n'zowerengeka: Matero After Care Centre ndi Divine Providence Home ya ku Chawama mu Lusaka, Maramba ku Livingstone, Chibolya ku Mufulira, Mitanda ku Ndola ndi zina zochepa. Ambiri mwa ife timachita nazo manyazi, timati kusiya kholo kumeneko n'kutaya mwambo. Chotero wokalamba wopanda wachibale amakhala yekha m'mudzi, ndipo akadwala amakagonanso yekha m'wadi.

Yankho loyamba limene anthu amapereka ndi lakuti wodwala ndi wa abale ake. Mfundoyi ili ndi mphamvu ndipo sindiinyoza. Palibe namwino amene angadziwe ngati mwana wake kuti amayi akati "ndili bwino" atatseka maso ndiye kuti ululu wakula. Dzanja la wachibale limachiza china chimene jekeseni sachiza, ndipo mayiko amene anapereka zonse kwa antchito olipidwa akudandaula za okalamba omwalira osaonedwa ndi aliyense wowadziwa. Koma tikasandutsa mwambowu kukhala lamulo losalembedwa la chipatala, ndiye kuti tavomereza kuti kuchira ndi mphotho ya munthu wobereka ana ambiri, ana okhala pafupi ndiponso opeza bwino. Mayi wosabereka, bambo amene ana ake anamwalira, nkhalamba imene mudzi unaipatula poinena ufiti, onsewa amalangidwa kachiwiri pa zinthu zimene sanasankhe. Ngakhale bambo amene anathawa ana ake akadali aang'ono, amene ena anganene kuti akukolola zimene anafesa, mlandu wake suyenera kuweruzidwa ndi zilonda za pabedi. Chipatala si bwalo la milandu.

Yankho lachiwiri ndi lotembenukira anamwino n'kuwanena nkhanza. Ili ndi losavuta, ndipo pa Facebook limapeza otsatira ambiri. Komatu namwino mmodzi wa usiku m'wadi yodzaza ali ndi manja awiri okha. Boma linalemba antchito azaumoyo 11,276 mu 2022, koma anthu akuchulukirabe ndipo anthuwo anagawidwa dziko lonse. Anthu a ku Chongwe amadziwa mmene mtsinje wawo umaumira m'chilimwe mpaka madzi kumabwera pa galimoto, ndipo chilala cha 2024 chinatiphunzitsa tonse kukhala maola ochuluka opanda magetsi. Mu May 2025 kazembe wa America, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pachaka chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala operekedwa mwaulere. Namwino amene amauza munthu kuti "mankhwala kulibe, mukagule" nthawi zambiri si iye anawaba, koma ndi nkhope yake imene wodwala amaiona. Ngakhale zili choncho, kusowa kwa zinthu sikufotokoza zonse. Kupatsa moni munthu wamkulu, kumuuza dzina la mankhwala amene akumwa, kulemba pa fayilo kuti sanadye, izi sizidikira bajeti.

Ine ndimaona kuti chikondi ndi cha abale, koma udindo wa chitetezo cha wodwala ndi wa chipatala, ndipo chipatala cha boma ndi cha tonsefe. Wachibale akhale wothandiza, asakhale mzati umene denga lonse latsamira. Ntchito yanga ya uphunzitsi inandizoloweza kuganiza motere. M'kalasi muli ana amene makolo awo amawathandiza homuweki ndi kuwalipirira maphunziro apadera. Amenewo angakhoze ngakhale nditagona chaka chonse. Luso langa limaoneka pa mwana amene kunyumba kulibe womufunsa ngati walemba. Chipatala nachonso tichiyese ndi wodwala amene alibe womulankhulira. Mwezi uliwonse NHIMA imadula 1 peresenti pa malipiro anga, wondilemba ntchito n'kuwonjezera 1 peresenti ina. Ndalamayo siilembedwa dzina la amayi anga okha. Tanthauzo la kusonkha pamodzi n'lakuti ambuya a munthu amene sindimudziwa ali ndi gawo m'thukuta langa, monga ine ndidzakhalire ndi gawo m'thukuta la ana amene ndikuphunzitsa lero.

Palinso chifukwa china chimene udindowu suyenera kusiyidwa kwa abale. Munthu akamwalira mosayembekezereka, pamaliro timati ndi chifuniro cha Mulungu, ndipo mawuwa amatonthozadi. Koma kawirikawiri amatsekanso mafunso amene akanapulumutsa wodwala wotsatira pa bedi lomwelo. Tinaleredwa kuti kufunsa dokotala n'kupanda ulemu, chonsecho makolo omwewo anatisiyira mwambi woti safunsa anadya phula. Banja lolimba mtima likhoza kukadandaula ku Health Professions Council of Zambia kapena ku Nursing and Midwifery Council of Zambia. Wobwera yekha alibe womudandaulira. Cholakwika chimene chinamuchitikira sichiwerengedwa paliponse, choncho palibe amene amaphunzirapo. Chipatala chimene chimadikira madandaulo kuti chidziwe zolakwa zake chimangomva za anthu okhala ndi abale odziwa kulemba kalata. Chiyenera kudziwerengera chokha odwala amene agwa, amene atuluka zilonda, amene apatsidwa mankhwala olakwika, ndipo wantchito woulula zoterezi asaopsezedwe, poti woopsezedwa amaphunzira kubisa.

Zoti munthu wamba angaphunzitsidwe kukhala maso a chipatala zinayesedwa kale ku Chongwe komweko. Kuyambira mu 2011, bungwe la CIDRZ pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo linayendetsa ntchito yotchedwa BHOMA m'makiliniki 42 a m'maboma a Chongwe, Kafue ndi Luangwa. Anthu a m'midzi yozungulira anaphunzitsidwa kupeza mafayilo, kuyeza odwala kulemera, kutentha kwa thupi ndi BP asanaonane ndi wachipatala, ndipo ena ankatsata odwala kunyumba. Nzeru yake inali yakuti zinthu zing'onozing'ono zisamadumphidwe pa wodwala aliyense, kaya wabwera ndi wachibale kapena ayi. Nzeru yomweyo ikhoza kulowa m'wadi. Posinthana ntchito m'mawa ndi madzulo, anamwino azitchula poyamba odwala amene alibe bedsider, ndipo bedi lawo likhale pafupi ndi tebulo la anamwino. Pakhale othandizira ophunzitsidwa amene ntchito yawo ndi kutembenuza, kumwetsa ndi kudyetsa odwala amenewa. Makomiti a zaumoyo a m'midzi amawadziwa ndi mayina okalamba okhala okha, ndipo akhoza kudziwitsa chipatala munthu akatumizidwa.

Wina anganene kuti amayi a Dorika, a Chigwirizano ndi magulu a Akatolika akhoza kugwira ntchitoyi, monga anachitira posamalira odwala Edzi m'makomo. Akhozadi, ndipo ambiri amayendera kale odwala Lamlungu masana atanyamula sopo ndi zipatso. Koma chilonda cha pabedi sichidziwa Lamlungu. Ndiponso si chilungamo kuti nthawi zonse mpata umene boma lasiya uzitsekedwa ndi msana wa mayi wosalipidwa. Mipingo ibwere ndi nyimbo ndi macheza, pakuti wodwala amazifuna, koma ntchito yoyang'anira usana ndi usiku ikhale ya munthu wolembedwa, wophunzitsidwa ndi wolandira malipiro.

Ife a zaka za m'ma 30 nkhaniyi timaimva ngati ya anthu ena. Komatu ndife amene tikubereka ana awiri kapena atatu, n'kumawaphunzitsa mwakhama kuti adzapeze ntchito ku Johannesburg, ku London kapena ku migodi ya ku Solwezi. Tikakhoza pa cholinga chimenechi, adzatitumizira ndalama pa foni, ndipo adzatikonda moona, koma ndalama ya pa foni sitembenuza munthu pabedi pakati pa usiku. Mwambo wa m'wadi umene tikuuvomereza lero, woti wopanda wachibale adzionere yekha, ndi umene udzatilandire ifeyo zaka 40 zikubwerazi. Amene tili ndi mawu panopa, m'makomiti a zipatala, kumipingo ndi pamaso pa makhansala ndi aphungu athu, tiyambe kufunsa kuti m'wadi ya kwathu muli odwala angati amene abwera okha, ndipo ndani akuwayang'ana usiku uno.