Adzukulu anga, dimba lisachoke m'manja mwanu

Adzukulu anga a kwa Mlonyeni, kwa Zulu, kwa Mkanda ndi kwa Mavwere, khalani pansi ndikuuzeni za dimba. Ambiri a inu maso ali pa kabaza ndi pa geni ya ku Mwami, ndipo sindikukudzudzulani, poti mchere ndi sopo zimafuna ndalama ya tsiku lomwelo. Koma dambo limene mukulipeputsalo ndi limene likudyetsa mabanja ambiri nkhokwe zikapepuka.

Pa kalembera wa 1998, boma lathu la Mchinji linali ndi anthu pafupifupi 325,000. Pofika 2018 tidali titapitirira 600,000. Nthaka ndi yomweija, ndipo ina yabwino idalowa kale m'maesiteti a fodya nthawi ya Kamuzu. Munda umene agogo anu ankalima okha lero wagawidwa kwa ana ndi adzukulu, aliyense kachigawo kake. Kale munda ukatopa tinkausiya ugonere, n'kukatsegula mphanje. Lero mphanje muipeza kuti?

Onjezanipo mitengo ya zinthu. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo thumba la feteleza lidadutsa K100,000. Mu 2024 ng'amba idagwetsa maboma 23 mwa 28 m'ngozi ya njala, anzathu a ku Zambia nawonso akulira chimodzimodzi. Kumayambiriro kwa 2025 chimanga chidapitirira K1,000 pa kilogalamu. Munthu wodalira munda wa mvula wokha amakolola kamodzi pachaka, pamene wa dimba amakolola kawiri ngakhale katatu.

Komatu dimba lili ndi mdani wake amene achinyamata simumudziwa bwino: chisanu. Nthawi yake ndi Juni ndi Julayi, koma zaka zina chimafulumira, n'kupeza mbande zikadali zanthete. Chakudza sichiimba ng'oma, inde, koma chisanu chili ndi zizindikiro zake. Kukakhala mitambo kapena kamphepo kakuomba, gonani mtima uli m'malo. Usiku woopsa ndi umene kumwamba kwayera mbee, nyenyezi zili ngwee, masamba a mitengo ali zii. Nthaka imataya kutentha konse kumene idalandira masana, ndipo mpweya wozizira, poti ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha pansi penipeni pa dambo. N'chifukwa chake mumapeza matimati a kumunsi apsa, a mnzanu wa kumtunda pang'ono ali bwinobwino. Musathamangire kunena kuti wakulodzani.

Choncho dziwani pobzala chilichonse. Kumunsi kozizirako ikani mpiru, repu, kabichi, anyezi ndi nsawawa, izi zimapirira. Matimati, nyemba, maungu ndi kachewere zikhale chakumtunda. Chimanga cha m'dimba musachifulumizire: dikirani kuzizira kuyambe kutha, chakumapeto kwa Julayi kapena mu Ogasiti, ndipo mudzadya mondokwa anzanu akuyamba kuwerenga ufa.

Mukaona kuti usiku ukhala woopsa, thirirani dzuwa likadalipo, chifukwa nthaka yonyowa imasunga kutentha kuposa youma. Tsiku limenelo musatipule. Nazale imangireni kadenga ka udzu kapena muiphimbe ndi masaka, m'mawa dzuwa likatuluka n'kuvundukula. Mvetsani apa: udzuwo ukhale pamwamba pa mbande. Woyala pansi wokha umasunga chinyezi, koma suteteza masamba. Mpanda nawonso uli ndi nzeru yake. Wa kumtunda ukhale wothithikana, koma wa kumunsi musiyeko mipata yoti mpweya wozizira uzitulukira, apo ayi mwautsekera m'dimba mwanu momwe. Ndipo chisanu chikakupezani, musazule tsiku lomwelo ndi mkwiyo. Dikirani masiku angapo. Kachewere nthawi zambiri amaphukiranso.

Za chonde ndinena mwachidule. Ndowe za nkhuku, mbuzi ndi nkhumba musataye. Funsani alangizi kapangidwe ka manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, amene amapsa pa masiku 21. Ndipo musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa Bua kapena Rusa. Gombe likagumuka ndi nthaka yanu imene ikupita, ndipo zitsime zimaphwa msanga.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi china. Ndaona anyamata akubwereketsa dimba la makolo kwa munthu wa ndalama, n'kulandira zogulira foni. Ndalamayo imatha mwezi usanathe, wobwereka uja akukolola kabichi n'kumakagulitsa pa Kamwendo, mwini dimba ali pomwepo kugwira ganyu yothirira. Ena afika pogulitsiratu. Mwana wanga, malo amenewo si ako wekha. Ndi a mbumba yonse, ndi a ana amene sanabadwe. Vuto likakukulira, pita kwa amalume ako, pita kwa amfumu, nkhaniyo ikambidwe pagulu usanalandire kanthu m'manja.

N'chimodzimodzi ndi zokolola. Mavenda amafika ndi sikelo zawo mu Epulo ndi Meyi, mtengo uli pansi, ndipo chimanga chomwecho mudzachigula modula mu Januwale ndi Febuluwale. Gulitsani soya, gulitsani mtedza, gulitsani ndiwo za m'dimba, koma matumba a chakudya muyambe mwawerengera pakamwa paliponse pa banja lanu mpaka kukolola kwina.

Inunso amene muli ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Joni, nkhaniyi ikukukhudzani. Mukamatumiza kangachepe kumudzi mu Epulo, nenani poyera kuti ina ndi ya mbewu za m'dimba, keni yothirira ndi masaka ophimbira nazale, ndipo muimbe foni kufunsa ngati mpanda wamangidwa.